Kodi mphotho za m'mapulogalamu owerengera pa intaneti zimathandizadi ana kukonda kuwerenga?

Mphunzitsi wa Sitandade 4, Lilongwe

Aphunzitsi anzanga ndi makolo nonse, ndikupempha nzeru zanu pa nkhani imene tikuyenera kugwirizana pasukulu pathu teremu ino isanathe. Ndimaphunzitsa Sitandade 4 pasukulu ina yomwe si ya boma, kumene ana amaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1 ngakhale kuti ambiri mwa iwo kunyumba amalankhula Chichewa. Eni sukulu akufuna kuti tilembetse ku pulogalamu ina yowerengera pa intaneti, ya mtundu uja mwana amasankha buku pa tabuleti kapena pa kompyuta, n'kuliwerenga, kenaka n'kuyankha mafunso angapo, ndipo akakhoza amapatsidwa mapointi kapena nyenyezi. Ahedi athu awonjezerapo ganizo lakuti pakutha pa mwezi uliwonse ana atatu amene asonkhanitsa mapointi ambiri azitchulidwa pa asembule ndi kupatsidwa kanthu, kaya cholembera, mabisiketi kapena kachidole, ndiponso kuti mayina a ana onse azimatidwa pakhoma motsatana ndi mapointi awo.

Vuto limene tikufuna kuthana nalo lilipodi. Ana ambiri m'kalasi mwanga amatha kutchula mawu bwinobwino, koma sakhudza buku pokhapokha nditawauza, ndipo nthawi yowerenga chamumtima ikakwana ena amangotembenuza masamba kufunafuna zithunzi. Komabe mtima wanga sukukhazikika pa nkhani ya mphothoyi. Mwa ana 36 amene ndili nawo, alipo ochepa amene amakonda kale mabuku, ndipo ndikudziwiratu kuti mphotho zonse azidzangogawana iwowo, pamene ena amene amawerenga mododoma adzakhala kumunsi kwa mndandanda mwezi ndi mwezi anzawo akuwaona. Palinso nkhani ya ndalama, chifukwa pulogalamuyi amalipira m'madola chaka ndi chaka, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipira m'madola chimakathera pa fizi ya makolo.

Tsono ndikufunsa kwa inu amene munagwiritsapo ntchito mapulogalamu otere: kodi ana amapitirizabe kuwerenga mphotho zikasiya kuperekedwa? Nanga ngati sukulu yalimbikira kuti pulogalamuyo ibwere basi, mphothozo tizikonze motani kuti zisagwetse ulesi ana amene ali m'mbuyo?

Mayi wophunzitsa ku Leicester

Aphunzitsi, funso lanu landikhudza chifukwa kuno ku England mapulogalamu otere ali m'sukulu zambiri, ndipo ndawaona akugwira ntchito m'makalasi a ana a msinkhu wofanana ndi anuwo. Yodziwika kwambiri ndi Accelerated Reader ya kampani ya Renaissance ya ku America, imene inayamba m'zaka za m'ma 1980. Ndifotokozeko mmene imayendera, popeza ambiri mwa mapulogalamu enawa anatengera nzeru yomweyo. Mwana amayamba walemba mayeso a pa kompyuta amene amaonetsa mlingo wa mabuku omuyenera, osapepuka kwambiri komanso osalimba kwambiri. Buku lililonse lili ndi mapointi ake malinga ndi kutalika ndi kulimba kwake, moti kabuku ka zithunzi kangakhale ndi theka la pointi pamene buku lalikulu lingakhale ndi mapointi makumi angapo. Akamaliza kuwerenga, mwana amayankha mafunso 5, 10 kapena 20 osankha yankho lolondola, ndipo mapointi amene apeze amadalira mmene wakhozera; pa mayeso afupiafupi aja akapanda kufika 60 peresenti sapeza kanthu. Kompyuta imawerengeranso mawu onse a m'mabuku amene mwana wakhoza, n'chifukwa chake sukulu zambiri kuno zimapereka baji kapena satifiketi kwa mwana amene wafika mawu 1 miliyoni, n'kumamutcha miliyoneya wa mawu. Mapulogalamu ena amapereka mphotho zawo pa sikirini pomwepo: Raz-Kids imapereka nyenyezi zimene mwana amagulira zokongoletsera roketi yake, ndipo Reading Eggs imapereka mazira agolide.

Ponena za umboni, bungwe la kuno lofufuza za maphunziro la Education Endowment Foundation linayesa Accelerated Reader kawiri. Kafukufuku woyamba, amene anatuluka mu 2015, anali wa ana ongoyamba kumene sekondale amene anali otsalira pa kuwerenga, m'sukulu zochepa, ndipo anapeza kuti anapita patsogolo pa kuwerenga ngati kuti anaphunzira miyezi ina pafupifupi 3 kuposa anzawo amene sanali pa pulogalamuyo. Wachiwiri, amene anatuluka mu 2021, anali wamkulu kwambiri, wa ana a pulayimale m'sukulu zoposa 150, ndipo sanapeze kusiyana pakati pa ana amene anali pa pulogalamuyo ndi amene sanali. Ine sindiona ngati zimenezi zikutanthauza kuti pulogalamuyo ndi yachabe. Chimene ndimatolapo n'chakuti sukulu imene ili kale ndi mabuku okwanira ndi nthawi yoikika yowerenga tsiku lililonse siwonjezera zambiri pogula mapointi, ndipo kumene kunaoneka phindu, mbali yaikulu iyenera kuti inachokera ku mabuku oyenera mlingo wa mwana ndi nthawi imene anapatsidwa kuti awerenge.

Koma chimene ndikufuna muwachenjeze ahedi anu ndi mndandanda wa pakhomawo. Pasukulu ina imene ndinaphunzitsapo tinachita mpikisano wotere, ndipo ana sanachedwe kutulukira njira zachidule. Mnyamata wina amene ankatha kuwerenga mabuku aakulu anayamba kutola timabuku ta ana aang'ono, tamasamba ochepa, n'kumamaliza tingapo pa nthawi yopuma, chifukwa anawerengera yekha kuti timapointi tating'onoting'ono totsimikizika n'tabwino kuposa buku lalitali limene mwina alephera mafunso ake. Ena ankayankha mafunso a buku limene sanalitsegule n'komwe, pongodalira filimu yake imene anaonera kunyumba. Atsikana awiri ankakhala moyandikana, wina n'kumagogoda tebulo ndi chala kamodzi, kawiri kapena katatu posonyeza mnzake yankho loti asankhe. Ana amenewa sanali oipa mtima. Ife akuluakulu ndife tinawauza kuti chofunika ndi nambala, ndipo iwo anangotsata nambalayo. Dziwaninso kuti mafunso a pa kompyuta kawirikawiri amafunsa zokumbukira, monga dzina la galu wa m'nkhani kapena kumene munthu anabisa kiyi, ndipo safunsa chifukwa chimene munthuyo anachitira zimene anachitazo.

Ngati pulogalamuyo ibwera, pemphani kuti mwana aliyense akhale ndi chandamale chakechake chogwirizana ndi mlingo wake, pakuti mapulogalamu ambiri amalola zimenezi, ndipo wotchulidwa pa asembule akhale aliyense amene wafika pa chandamale chake, ngakhale atakhala ana 20. Mapointi a mwana akhale nkhani ya iye, inu ndi makolo ake basi.

Mphunzitsi wopuma wa ku koleji ya aphunzitsi, Zomba

Zikomo amayi a ku Leicester chifukwa cha kufotokoza momveka. Ine ndiyankha funso loyamba lija, lakuti chimachitika n'chiyani mphotho zikatha, popeza nkhani imeneyi akatswiri a maganizo a anthu anayamba kuifufuza kale makompyuta asanalowe m'makalasi.

Mu 1973, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anachita kafukufuku pasukulu ya mkaka ya pa yunivesite ya Stanford ku America. Anasankha ana amene ankakonda kale kujambula ndi zolembera zamitundumitundu, n'kuwagawa patatu. Gulu loyamba analiuziratu kuti likajambula lilandira satifiketi yokongola ya chidindo chagolide ndi kariboni, gulu lachiwiri linalandira satifiketi yomweyo mosayembekezera, ndipo lachitatu silinalandire kanthu. Patapita masiku angapo anaika zolembera zija m'kalasi popanda lonjezo lililonse, ndipo ana amene analonjezedwa mphotho aja anajambula nthawi yochepa kwambiri, pafupifupi theka, poyerekeza ndi magulu awiri enawo. Onani kuti amene analandira mosayembekezera sanafooke. Chimene chinasintha ana si pepala la satifiketi, koma mgwirizano wakuti ukachita ichi ndikupatsa icho, umene unasandutsa masewera kukhala ganyu. Mu 1999, Edward Deci, Richard Koestner ndi Richard Ryan anasanthula pamodzi makafukufuku 128 a mtundu umenewu, ndipo anapeza kuti mphotho zogwirika zimene munthu amaziyembekezera zimachepetsa chidwi chochokera mumtima, makamaka mwa ana, pamene mawu oyamikira sakhala ndi vuto lofananalo. Zili ngati shuga m'phala la mwana: ukamuzoloweza wambiri, tsiku limene shuga wasowa amakana phala limene kale ankamwa osadandaula.

Apa mpamene ndikuona kuti ndondomeko ya ahedi anu yatembenuka. Ana anu ochepa amene amakonda kale mabuku ndi amene ali pachiopsezo chotaya chidwi chawo, ndipo ndi omwewonso amene azilandira mphotho zonse. Ana amene alibe chidwi n'komwe, amene kanthu kakang'ono kakanatha kuwakankha kuti ayambe, sadzayesa chifukwa akudziwa kuti malo atatu apamwamba ali kale ndi eni ake.

Sindikunena kuti mphotho iliyonse imawononga. Katswiri wa zachuma Roland Fryer anayesa kulipira ana ndalama m'mizinda ingapo ya ku America, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2011. Ku New York ana ankalipidwa akakhoza mayeso ndipo ku Chicago ankalipidwa chifukwa cha magiredi, koma phindu looneka silinapezeke. Ku Dallas ana a giredi yachiwiri ankalandira madola 2 pa buku lililonse limene awerenga ndi kukhoza mafunso ake, ndipo ana olankhula Chingerezi anapitadi patsogolo pa kuwerenga, koma amene ankaphunzira m'Chisipanishi zotsatira zawo zinatsika. Pali zinthu ziwiri zoti mutolepo. Choyamba n'chakuti mphotho imathandizako ikamangidwa pa ntchito imene mwana akudziwa kuichita lero lomwe, monga kutenga buku ndi kuliwerenga, kusiyana ndi kuimanga pa zotsatira zimene sakudziwa njira yozifikira. Chachiwiri chikukhudza inu mwachindunji, chifukwa ana anu akuwerenga m'chilankhulo chimene si cha kunyumba kwawo. Mwana wa ku Lilongwe angathe kulephera mafunso a nkhani ya chipale chofewa ndi masitima a pansi pa nthaka osati chifukwa sanawerenge, koma chifukwa mawu ndi moyo wa m'nkhaniyo n'zachilendo kwa iye, ndipo kompyuta idzangolemba kuti walephera.

Pa za mtundu wa mphotho, Barbara Marinak ndi Linda Gambrell anapeza mu 2008 kuti ana a giredi yachitatu amene anapatsidwa buku ngati mphotho, ndiponso amene sanapatsidwe kanthu, anabwerera ku kuwerenga ndi chidwi chachikulu kuposa amene anapatsidwa tizidole. Choncho ngati ahedi ali ndi ndalama ya mabisiketi, agulire mabuku, ndipo mwana wofika pa chandamale chake asankhe lake n'kulembamo dzina. Zina sizifuna ndalama: kukhala woyamba kubwereka buku latsopano, kusankha nkhani imene aphunzitsi awerengere kalasi Lachisanu, kapena kupita kukawerengera ana a Sitandade 1.

Mphunzitsi wa Sitandade 2, Dowa

Abambo a ku Zomba, ndakumvani ndipo zambiri ndikuvomereza, koma ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono, chifukwa ndikuganiza kuti ana ambiri a m'makafukufuku amenewo anali ndi mabuku ndi zolembera zamitundu kunyumba, pamene ana ambiri amene ndimaphunzitsa ine buku amalionera kusukulu kokha. Mwana wotere alibe chikondi cha mabuku chimene mphotho ingachiphe. Chimene akusowa ndi chinthu chomuuza nthawi yomweyo kuti wakhoza, ndipo mphunzitsi mmodzi amene ali ndi ana oposa 100 sangathe kuuza aliyense payekha.

Sukulu yathu ili m'gulu la sukulu za boma zimene zinalandira matabuleti kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, imene Unduna wa Zamaphunziro unayamba mu 2023 mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion, ndipo cholinga chake n'kufikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma. Pulogalamu yake, ya onecourse, ili m'Chichewa, siifuna intaneti, ndipo matabuleti amatchajidwa ndi sola. Bungwe la onebillion lomweli ndi limene linagawana ndi opanga pulogalamu ina ya Kitkit School mphotho ya Global Learning XPRIZE, mpikisano wa mapulogalamu ophunzitsa ana kuwerenga, kulemba ndi masamu, mu 2019, mapulogalamu awo atayesedwa m'midzi ya ku Tanzania. Mukanaona mmene zimakhalira nthawi ya matabuleti ikakwana: ana amakhala pansi mizeremizere, aliyense atavala mahedifoni, ndipo kalasi imene nthawi zonse imakhala yaphokoso imangoti zii. Mwana amalondola lembo ndi chala pa sikirini, n'kumva liwu lake, kenaka n'kulumikiza maphatikizo, ndipo akakhoza pamatuluka chizindikiro ndi kamawu komuyamikira. Pali kamtsikana kena kamene sikayankha konse m'kalasi, koma kakakhoza pa tabuleti mumakaona kakumwetulira kokha n'kukodola mnzake kuti aone. Palibe bisiketi amene timapereka, ndipo palibe mndandanda pakhoma.

Choncho ine ndingasiyanitse zinthu ziwiri. Kayamikiro kamene pulogalamu imapereka mwana akangokhoza n'kofanana ndi kuwomba m'manja kumene timachita m'kalasi tsiku ndi tsiku, ndipo sindikuopa. Chimene ndingakane ndi kutenga mapointiwo kuwatulutsa mu tabuleti n'kuwasandutsa katundu ndi mpikisano. Ndiwonjezere kuti ngakhale tabuleti inene kuti mwana wakhoza, ine sindikhutira mpaka nditamupatsa buku lapepala n'kumumva akuwerenga mokweza, popeza kusankha yankho pakati pa mayankho angapo ndi luso lina, ndipo kuwerenga ndime yonse mosadodoma ndi luso linanso.

Pa nkhani ya madola ija, musanalipire yang'anani kaye African Storybook ya bungwe la Saide la ku South Africa, ndiponso StoryWeaver ya Pratham Books ya ku India. Nkhani zake ndi zaulere, zambiri ndi za moyo umene ana athu amaudziwa, ndipo pa African Storybook mupezapo za Chingerezi ndi za Chichewa zomwe, zimene mungathe kuzikopera pa foni kapena kuzisindikiza. Mapointi mulibe, koma ngati vuto lanu lalikulu ndi kusowa kwa zowerenga zokoma, mungathe kuyambira pamenepo.

Kholo la ana awiri, Blantyre

Ndilankhule ngati kholo limene mwana wake anadutsa m'zimenezi pasukulu ina kuno. Ntchito yowerenga pa pulogalamu ankapatsidwa kuti akachitire kunyumba, ndipo mapointi onse ankaphatikizidwa pa mpikisano wa kalasi. Zotsatira zake, ana a m'nyumba zokhala ndi tabuleti ndi intaneti yosatha ndi amene ankapambana, pamene ife tinkadikira kuti foni yanga ifike madzulo, ikhale ndi bandulo, ndiponso magetsi akhale alipo. Mwana wanga anafika pomalira magetsi akazima, osati chifukwa nkhani yamudukira pakati, koma chifukwa mnzake amupitirira. Ndikupemphani kuti ngati muwerengera mapointi, muwerengere okhawo amene apezedwa kusukulu pa zipangizo za sukulu, ana onse atapatsidwa nthawi yofanana. Muwafunsenso eni pulogalamuyo kuti mayina ndi zotsatira za ana athu zimasungidwa kuti ndipo amaziona ndani, ndipo makolo tiuzidwe ana asanalembetsedwe, makamaka pano pamene dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri ya anthu yosungidwa m'makompyuta.

Mphunzitsi wa Sitandade 4, Lilongwe

Ndathokoza kwambiri nonse. Ndinakambirana ndi ahedi, ndipo avomera kuti mndandanda wa pakhoma usakhalepo ndiponso kuti kuwerenga konse kwa mapointi kuzichitikira kusukulu, mphindi 20 tsiku lililonse tikangochoka kopuma. Avomeranso kuti ndalama ya mabisiketi igule mabuku. Pa za asembule sanasunthe, chifukwa akuti makolo amene amalipira fizi amafuna kuona ana awo akutchulidwa, koma tagwirizana kuti azitchula aliyense amene wafika pa chandamale chake. Eni pulogalamu atilola kuiyesa kwa kanthawi tisanalipire chaka chonse. Chimene chikundivuta tsopano n'chakuti ndidzadziwa bwanji ngati ikuthandizadi, popeza malipoti amene kompyuta imatulutsa adzangoonetsa manambala akukwera, ndipo eni sukulu akawaona adzakhutira pomwepo.

Mayi wophunzitsa ku Leicester

Yesani ndi zinthu zimene pulogalamuyo siziona. Musanayambe, sankhani ndime imodzi ya mlingo wa Sitandade 4 imene ana sanaionepo, aliyense akuwerengereni mokweza kwa mphindi imodzi, mulembe mawu amene wawerenga molondola, kenaka mumufunse kuti akufotokozereni nkhaniyo m'mawu akeake, ngakhale m'Chichewa. Pakutha pa teremu mubwereze ndi ndime ina ya mlingo womwewo. Ngati pasukulu panu pali Sitandade 4 iwiri, ndi bwino kalasi inayo iwerenge mabuku apepala mphindi 20 zomwezo popanda pulogalamu, kuti muone ngati kusintha kukuchokera ku pulogalamu kapena ku nthawi yowerengayo. Chachiwiri, ikani pakona ya kalasi bokosi la mabuku amene mulibe mu pulogalamu, oti sapereka pointi ngakhale imodzi, pamodzi ndi kope lolembamo obwereka, ndipo muziona mayina amene akulowa m'kopemo sabata ndi sabata, makamaka a ana amene mukuwadera nkhawa aja. Pomaliza, pemphani ahedi kuti masabata awiri omaliza a nthawi yoyeserayi pasakhale kutchula mayina pa asembule kapena kupereka mabuku a mphotho, koma nthawi yowerenga ikhalepo monga mwa masiku onse. Manambala a masabata awiri amenewo, pamodzi ndi kope la obwereka, ndi amene mukawaonetse eni sukulu asanasayine zolipira chaka chonse.